Mwana Wongodwaladwala: Za Kutentha Thupi kwa Ana Aang'ono

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja, pa nthawi ya za umoyo

Madzulo ano tikambirana za mwana wamng'ono amene angodwaladwala, mwana wa caka cimodzi, ziwiri kapena zitatu, amene thupi lace litentha mlungu uno, nacira, ndipo mwezi usanathe latenthanso. Ndidzachula kawirikawiri dera la Kaumbwe, m'boma la Petauke, pamodzi ndi midzi ya ku Nyimba, pakuti amuna ambiri a kumeneko ali pa nchito kuno ku njanji. Ana ao ena anatsala kumudzi ndi amai ao kapena ambuya ao, ndipo ena amanka nao kumudzi pa chuti. Koma zimene ndidzanena zikhudza mwana ali yense.

Ife tiri ndi liu limodzi lakuti malungo, ndipo liu limeneli talisenzetsa katundu wambiri. Mwana akatentha thupi cifukwa ca cimfine, titi malungo. Akatentha cifukwa ca cibayo, kapena khutu, kapena m'mimba, titinso malungo. Koma kutentha thupi ndi cizindikiro cabe ca nthenda imene iri m'kati. Kufanana ndi kuuwa kwa garu usiku. Garu auwa fisi, auwa mbala, auwanso mlendo wabwino, ndipo mwini nyumba wanzeru aturuka kukaona cimene cabwera. Mbulu ya Panado ikhalitsa cete garuyo kwa maola owerengeka, koma ngati fisi ali pa khola, ali pomwepo ndithu. Cotero mau anga a madzulo ano ndi awa: mwana wamng'ono akatentha thupi, apimidwe magazi tsiku lomwelo, ndipo kutenthako kukamabwerabwera, pali cifukwa cace cimene cingapezeke.

Cifukwa ninji msinkhu umenewu?

Mwana pobadwa abwera ndi mphamvu yolimbana ndi matenda imene walandira kwa amace ali m'mimba, ndipo mkaka wa m'mawere uonjezerapo. Mphamvu yobwerekayi iyamba kutha mwana akafika miyezi ngati 6, pamene yaceyace isanakhwime. Nthawi yomweyo ndiyo imene ayamba kukwawa, kutola za pansi ndi kuika m'kamwa, kudya phala, kumwa madzi a pa citsime, ndi kusewera ndi anzace a mamina. Thupi lace likomana ndi tizirombo ta mitundumitundu kwa nthawi yoyamba, ndipo liphunzira kulimbana nato kamodzikamodzi. Madotolo a ana ati mwana wa msinkhu umenewu angathe kudwala cimfine ka 6 kufikira ka 8 pa caka cimodzi, nakhala mwana wa moyo wabwino ndithu. Ngati pakati pa kudwalako adya, asewera, ndipo mzere wa pa kadi yace ya kusikelo ukwera, mitima yanu ikhale pansi.

Koma m'dziko la udzudzu monga la Kaumbwe ndi Nyimba, palibe munthu, ngakhale dotolo wamkulu, amene angathe kusiyanitsa cimfine ndi malungo enieni pakungogwira mwana pa mphumi. Cimfine citha cokha. Malungo enieni angathe kupha mwana m'masiku awiri.

Malungo enieni

Mu 1880 dotolo wa ku France, Alphonse Laveran, ali pa nchito ku Algeria, anaona tizirombo tating'ono m'magazi a munthu wodwala malungo poyang'ana ndi galasi lokuza zinthu. Mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, anatipeza m'mimba mwa udzudzu. Kuyambira pamenepo njira ya nthendayi idziwika bwino.

Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene uluma usiku, ndiwo ulavulira tiziromboti m'thupi la mwana. Poyamba tibisala m'ciwindi kwa mlungu umodzi kapena kuposapo, mwana osamva kanthu. Titaturuka m'menemo tilowa m'tizigawo tofiira ta magazi, timene madotolo acha maselo, ndi kuswana m'katimo. Pakapita masiku awiri maselowo aphulika, ndipo tizirombo tatsopano tifalikira kukalowa m'maselo ena. Pa nthawi ya kuphulikako mpamene mwana anjenjemera ndi kutentha ngati moto. Ici ndico cifukwa cace mwana atentha usiku, koma m'mawa mumpeza ali kusewera pabwalo, ndipo ambuya ati wacira. Tizirombo tiri kucuruka m'kati cete.

Kudwala kuli konse kwa malungo kuononga magazi. Mwana akadwala katatu kapena kanai m'dzinja limodzi, magazi ace alibe nthawi ya kubwerera. Tambasulani dzanja lace, muliyerekeze ndi lanu: cikhato cikakhala coyera ngati pepala, magazi acepa. Kawirikawiri kapamba atupa kumanzere kwa mimba, pakuti ndiye agwira nchito ya kucotsa maselo oonongeka. Kutema mphini pa kapamba kungotaya magazi a mwana amene ali ocepa kale, ndipo lumo lingalowetse matenda ena.

Bungwe la za umoyo la dziko lonse, la WHO, linawerenga kuti m'caka ca 2023 anthu ngati 597,000 anafa ndi malungo. Oposa 9 mwa 10 ali onse anali a mu Africa, ndipo mwa amenewa, atatu mwa anai ali onse anali ana osakwana zaka 5. Kwathu kum'mawa nthendayi ikula kuyambira Disembala kufikira Meyi. Udzudzu uikira mazira m'madambo, m'zithaphwi, m'maenje a njerwa, ngakhale m'mapazi a ng'ombe mmene mwaima madzi, ndipo nyengo yotentha dzira lisanduka udzudzu wouluka m'masiku ngati 10. Ku cigwa ca Luangwa, kumene kutentha koposa, udzudzu upeza malo okoma kwambiri.

Cinjoka ca mu Luanshya

Inu a ku migodi muli ndi mbiri yanu pa nkhani imeneyi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, pamene anali kutsegula mgodi wa Roan Antelope, anchito anali kufa kwambiri, ndipo kunamveka mbiri yakuti mu mtsinje wa Luanshya muli cinjoka cimene ciri kutha anthu. Ambiri anathawa nchito. Eni mgodi anaitana Chirupula Stephenson kuti akacite mwambo pa mtsinjewo pamodzi ndi akulu a dzikolo. Pambuyo pace, m'zaka za 1929 ndi 1930, anatsata uphungu wa Sir Malcolm Watson wa ku Ross Institute ya ku London: anaongola mtsinje, anakumba ngalande zoumitsa madambo, anathira mafuta pa madzi oima, nakonzanso madzi akumwa ndi zimbudzi. M'zaka zowerengeka imfa za malungo zinacepa kwambiri.

Amene anaopa cinjoka sanali opusa ai. Anaona bwino lomwe kuti imfa iri kucokera ku mtsinje. Cimene sanathe kuona ndi maso ndico cakuti iri kubwera pa mapiko a udzudzu. Nchito yoteteza itafooka m'zaka za pambuyo, malungo anabweranso m'makomboni, ndipo mu 2000 kampani ya Konkola Copper Mines inayamba kupopera mankhwala m'nyumba za ku Chingola ndi Chililabombwe. Mbiriyi itiphunzitsa kuti malungo agonja pamene anthu adziwa cifukwa cace, ndi kuti abwerera pamene anthu atopa.

Kupima ndi kumariza mankhwala

Masiku ano kupima malungo sikulira ulendo wa ku boma. Pa kiliniki, ndiponso kwa anchito a za umoyo amene akhala m'midzi yambiri, pali kacipangizo kochedwa RDT. Abaya mwana pa cala, adontheza kadontho ka magazi, ndipo m'mphindi 15 kapena 20 yankho laoneka. Mwana apimidwe asanapite maola 24 ciyambire kutentha. Ngati muli ndi kopimira kutentha, 37.5 m'khwapa kapena kuposapo ndiko kutentha thupi. Ngati mulibe, dzanja la amai likwanira kuti munyamuke.

Akulu akumbukira chloroquine, amene anali kupezeka m'sitolo iri yonse. Tizirombo tinamzolowera kotero kuti analeka kuciritsa, ndipo mu 2003 Zambia inayamba kupereka Coartem m'malo mwace, pokhala limodzi la maiko oyamba mu Africa kucita cotero. Mphamvu yaikulu ya Coartem icokera ku citsamba ca ku China, cimene mai wina wophunzira, Tu Youyou, anachezamo mankhwala mu 1972, nalandira mphoto ya Nobel mu 2015. Ndi mankhwala a citsamba ndithu, koma oyesedwa, odziwika muyeso wace.

Coartem amwedwa ka 6 m'masiku atatu: koyamba nthawi yomweyo, kaciwiri patapita maola 8, ndipo pa masiku awiri otsatawo m'mawa ndi madzulo. Ciwerengero ca mibulu citsata kulemera kwa mwana pa sikelo, cifukwa cace musapatse mwana mibulu yotsala ya mkulu wace. Mankhwalawa alowa bwino m'thupi pamodzi ndi cakudya ca mafuta, monga mkaka wa m'mawere kapena phala la nsinjiro. Mwana akasanza lisanathe theka la ola, mpatseninso, ndipo mukatenge mibulu ina yolowa m'malo.

Apa mpamene makolo ambiri aphonya. Mwana akamwa kawiri kapena katatu kutentha kuleka, ndipo amai asunga mibulu yotsala kuti idzathandize tsiku lina. Koma tizirombo tolimba tikali moyo. Tiswananso pang'onopang'ono, ndipo pakapita milungu iwiri kapena itatu mwana wagonanso. Anthu ati malungo a mwana uyu samva mankhwala, pamene mankhwalawo ali pa denga m'kapepala. Dziwaninso kuti RDT ingathe kuonetsabe malungo kwa milungu ingapo mwana atacira kale. Cifukwa cace muuze anamwino tsiku limene mwana anamwa Coartem komariza, kuti ngati nkofunika ayang'ane magazi ndi galasi ndi kufunafuna nthenda yina. Ngati kutentha sikuleka masiku atatu a mankhwala atatha, bwererani ku kiliniki.

Pamene malungo sanapezeke

Makolo ena akwiya akauzidwa kuti m'magazi mulibe malungo, napita ku kantemba kukagula mankhwala okha. Yankho limenelo ndi lothandiza, pakuti litiuza kuti tiyang'ane kwina.

Coyamba kuyang'ana ndi cibayo, cimene ciri pakati pa nthenda zopha ana koposa. Mwana ali cete, mvuleni malaya, muwerenge kupuma kwace kwa mphindi yathunthu ndi wochi kapena foni. Mwana wa miyezi 2 kufikira 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, ndipo wa caka cimodzi kufikira zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, ndiko kupuma kofulumira. Ngati pansi pa nthiti palowa m'kati pamene akoka mpweya, fulumirani. Cibayo ciri ndi mankhwala ace, amoxicillin, amene ayeneranso kumarizidwa. Cimfine wamba sicifuna mankhwala otere. Cifuna kuyamwa, kumwa ndi kupumula.

Mwana amene agwiragwira khutu ndi kulira usiku, kapena khutu lace lituruka mafinya, ali ndi nthenda ya m'khutu, imene ikalekereredwa igonthetsa. Wina atentha cifukwa ca nthenda ya m'njira ya mkodzo, imene ibwerabwera osaoneka kufikira mkodzo utapimidwa. Wina atentha pamodzi ndi kutsegula m'mimba. Ameneyu afuna madzi a ORS osungunula monga mwa mau a pa paketi, ndi mibulu ya zinc kwa masiku 10 kufikira 14. Zidzolo pa thupi, maso ofiira ndi cifuwa zingakhale cikuku. Ndipo za mano ndinene ici: kumera mano kuvutitsa mwana, kumcititsa dovu, koma sikutenthetsa thupi kwambiri. Ana ambiri acedwetsedwa kunyumba ndi mau akuti ndi mano cabe.

Njala ndi nthenda ziitanizana

Tsono tifike pa mwana uja amene ngakhale amariza mankhwala, adwalabe mwezi ndi mwezi. Kawirikawiri cifukwa ciri m'mbale yace. Nthenda icotsa cilakolako ca cakudya, mwana aonda. Mwana woonda alibe mphamvu yolimbana ndi tizirombo, adwalanso. Ndipo miyezi ya malungo ndiyonso miyezi imene nkhokwe iri pansi. Kufufuza kwa boma kwa 2018 kunapeza kuti ana 35 mwa 100 ali onse osakwana zaka 5 m'Zambia anali opinimbira, ndiko kuti aafupi kosayenera msinkhu wao.

Akulu akaona mwana watupa mapazi ndi nkhope, tsitsi lafiira ndi kunyonyoka, ati ndi tsempho kapena utumbidwa, ndipo mlandu ugwera atate amene ali kutali ku nchito, kapena amai amene atenga pathupi msanga. Akuluwo anaona coona cimodzi, cakuti nthendayi igwira kwambiri mwana amene wacotsedwa ku bere mwadzidzidzi cifukwa ca mng'ono wace. Anthu a mtundu wa Ga ku Ghana anaona comweco, naicha kwashiorkor, ndipo dotolo Cicely Williams analemba dzina limenelo m'mabuku a madotolo mu 1935, nasonyeza kuti gwero lace ndi kusowa cakudya coyenera. Mwana amene dzulo anali kuyamwa, lero angopatsidwa phala lamadzi la ufa woyera. Mai wa pathupi angathe kuyamwitsabe, mkaka wace suonongeka ai. Milandu ya banja ingakambidwe mawa pa mphasa; mwana wotupa apite ku cipatala lero.

Cakudya cofunikaco ciri m'minda ya ku Petauke momwemo. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, napitirize kuyamwa kufikira zaka ziwiri kapena kuposa. Phala likhale lolimba, la mgaiwa, lothira nsinjiro, dzira, nyemba zosinja kapena kapenta wopera. Muonjezepo ciwawa, bonongwe, maungu, mapapaya, mango ndi nthoci za ku Nyimba. Mimba ya mwana ndi yaing'ono, cotero adye katatu kapena kanai pa tsiku ndi tina tapakati, m'mbale yaceyace, pakuti pa mbale imodzi ndi akulu ace iye atsala ndi msuzi wokha. Atacira nthenda, muonjezere cakudya cimodzi pa tsiku kwa milungu iwiri. Inu alimi, musagulitse nshawa zonse. Thumba limodzi litsale la ana.

Pali nthenda zina zitatu zimene dotolo ayenera kuziganizira pa mwana wodwaladwala. Yoyamba ndi sickle cell, nthenda ya magazi imene mwana abadwa nayo atatengera kwa atate ndi amai onse awiri. Zizindikiro zace ndi kutupa kowawa kwa manja ndi mapazi, maso acikasu, ndi kucepa magazi kawirikawiri. Yaciwiri ndi cifuwa cacikulu ca TB, cimene inu a pansi pa mgodi mucidziwa bwino. Ngati m'nyumba muli wamkulu wotsokomola, ndipo mwana atsokomola milungu yoposa iwiri, kapena sakwera sikelo, apimidwe. Yacitatu ndi HIV. Mwana akapezeka nako msanga nayamba mankhwala, akula, apita ku sukulu monga anzace. Zonse zitatu zidziwika ndi kupima kokha. Ndiponso mwana ali yense amene watentha tsiku ndi tsiku kwa masiku oposa 7 ayenera kukaonedwa ku cipatala cacikulu, monga ca Petauke, ca Kalindawalo, ca Minga kapena ca Nyimba.

Zizindikiro zosadikira kuca

Mvetsetsani zinai izi, muuzenso ambuya ndi onse olera ana. Mwana akalephera kuyamwa kapena kumwa. Akamasanza ciri conse. Akakomoka ndi kugwedezeka. Akalefuka ndi tulo tosadzutsika: nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ngakhale mvula iri kugwa. Cimodzimodzi akamapuma movutika, khosi likauma, kapena zikhato zikayera kwambiri.

Mwana akakomoka, mgonekeni cam'mbali, mummasule zobvala. Musaike supuni kapena cala m'kamwa mwace, musammwetse kanthu, musamfukize utsi, musamviike m'madzi ozizira. Kugwedezeka kukaleka, munyamuleni. Anchito ena a za umoyo m'midzi ali ndi mankhwala a artesunate oika kumbuyo kwa mwana, amene agwira nthenda kwa maola owerengeka kuti mwana afike ku cipatala ali moyo. Ku Serenje, m'zaka za 2017 ndi 2018, anayesa mankhwala amenewa pamodzi ndi njinga zonyamula odwala, ndipo ana akufa ndi malungo aakulu anatsika kucoka pa 8 mwa 100 kufika pa osakwana mmodzi mwa 100. Koma mankhwalawo ndi a pa njira cabe. Ulendo wa ku cipatala uyenera kupitirira.

Mwana wotentha thupi musamfunditse mabulangeti ambiri. Abvale zopepuka, ayamwe ndi kumwa kawirikawiri. Panado apatsidwe pa muyeso umene anamwino anena. Aspirin ndi woopsa kwa ana, musawapatse.

Mau kwa atate a ku tauni

Tsono nditembenukire kwa inu, abambo anzanga, amene muli makilomita mazanamazana kutali ndi ana anu. Mungaganize kuti gawo lanu ndi kutumiza ndalama pa kutha kwa mwezi basi. Muli ndi gawo lina lalikulu.

Coyamba, siyani mau. Ana ambiri acedwa kunyumba cifukwa amai ali kudikira cilolezo ca atate, kapena ca amalume, kapena ca ambuya. Nenani lero, pamaso pa onse, kuti mwana akatentha thupi amai anyamuke osafunsa munthu, ndipo nkhani idzakambidwa pobwera. Siyaninso ndalama pang'ono zosakhudzidwa, za njinga yamoto kapena ngolo ya usiku, ndipo mugwirizane ndi mwini wace nthenda isanafike.

Caciwiri, akakuimbirani foni kuti mwana wadwala, funsani mafunso atatu: Kodi anampima magazi? Anapeza ciani? Mankhwala wamwa kangati, ndipo kwatsala kangati? Gulani kabuku ka sukulu, ndipo m'menemo alembemo tsiku la kudwala kuli konse, yankho la kupima, ndi dzina la mankhwala. Dotolo akaona kabuku kotere pamodzi ndi kadi ya kusikelo, aona msanga ngati ndi malungo obwerezabwereza, kapena nthenda yina yobisala. Mau akuti angodwaladwala samthandiza kwambiri. Masiku olembedwa amthandiza.

Cacitatu, neti. Mwana agone m'neti yoviikidwa m'mankhwala usiku uli wonse, yopisiridwa bwino pansi pa mphasa, ngakhale nyengo ya cilimwe, ngakhale ku maliro kapena ku msasa wa kumunda. Yong'ambika isokedwe. Neti imene yachinga mbeu za kudimba kapena anapiye yasiya mwana pa mtetete. Opopera mankhwala akafika pa mudzi, atsegulireni nyumba, ndipo musazire zipupa atangopopera. Maenje a njerwa a pafupi ndi nyumba akwiriridwe. Amai apathupi apite ku sikelo msanga kukalandira Fansidar, pakuti malungo a amai acepetsa mwana asanabadwe.

Cacinai cikhudza inu amene ana anu anabadwira ku tauni. Mu mzinda wa Lusaka malungo ndi ocepa kwambiri, ndipo mwana wokulira kumeneko alibe mphamvu iri yonse yolimbana nao. Mukamkweza basi pa Khirisimasi, kuoloka mlatho wa Luangwa kukaona ambuya ku Nyimba kapena ku Kaumbwe, mumfikitsa pakati pa udzudzu pa nyengo yace yeniyeni. Neti ikhale m'cola pamodzi ndi shuga ndi citenje ca ambuya. Kumbukiraninso kuti malungo aoneka patapita masiku 10 kufikira 15 cilumidwire. Mwana angathe kubwera bwino, nadwala ali kale ku komboni. Pamenepo mau oyamba kwa anamwino akhale akuti, tinali kumudzi ku Petauke.

Cacisanu, kadi ya kusikelo. Mukafika pa chuti, ipempheni, muiwerenge monga muwerenga pepala la malipiro anu. Katemera wa cikuku aperekedwa pa miyezi 9 ndiponso pa miyezi 18, ndipo waciwiriyu ndiye aiwalika kawirikawiri. Kuyambira 2013 ana a m'Zambia alandiranso katemera woteteza cibayo ndi wa kutsegula m'mimba. Pa Mlungu wa Umoyo wa Ana, kawiri pa caka, apatsidwa vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba, zimene nazonso zimwa magazi a mwana. Katemera wa malungo anayamba kuperekedwa kwa anansi athu a ku Malawi mu Epulo 2019. Bungwe la WHO linambvomereza mu 2021, ndi mtundu waciwiri mu 2023. Aperekedwa kanai, ndipo acepetsa malungo aakulu, koma salowa m'malo mwa neti kapena kupima. Kumene aperekedwa, mwana alandire konse kanai.

Abale anga, akulu anati safunsa anadya phula. Pa kiliniki funsani: mwana wanga mwampeza ndi ciani, mankhwala awa amwa bwanji, ndibwerenso liti? Kufunsa kotere si mwano, ndipo anamwino wabwino akondwera nako. Zaka za kudwaladwala ziri ndi malire ace, pakuti mwana akapitirira zaka 5 thupi lace likhala litaphunzira zambiri, ndipo matenda acepa. Nchito yathu ndi kumuolotsa zaka zimenezi ali ndi magazi okwanira ndi thupi lokula. Amene mwamva mau awa mukauzeko anzanu a pa shifiti amene sanamve, ndipo inu odziwa kulemba mulembere a kumudzi dzinja lisanafike.

Tsalani bwino, ndipo ana agone m'neti usiku uno.